Tinagawana disiko ya achimwene ngati fodya

Achimwene anga aakulu tinawaika m'manda Lachinayi, kumudzi kwathu kwa Kaomba. Lachisanu m'mawa tinagawana disiko yawo. Ndikuti tinagawana chifukwa inenso ndinalipo, ndinakhala pampando, ndipo gawo langa ndinalilandira ndi manja awiri.

Ntchito yanga yakhala ya nyuzipepala, ndiye ndiyambe ndi kutchula zimene zinalipo. Panali masipika awiri aakulu, ofika m'chiuno mwa munthu. Panali ampulifaya, chitsulo cholemera chimene chimapatsa masipikawo mphamvu. Panali mikisa, kabokosi ka timabatani tambirimbiri kokwezera ndi kutsitsira mawu. Panali laputopu yosungira nyimbo, maikolofoni awiri, jenereta, ndi thumba la feteleza lodzaza nthambo. Zonsezi zimagwira ntchito zikalumikizidwa. Chimodzi pachokha sichilira.

Achimwene anayamba ntchito imeneyi chaka china fodya wa bale atagulidwa bwino ku okushoni. Anzawo anagula malata ndi njinga. Iwo anabwera ndi gumbagumba wa makaseti awiri ndi batire ya galimoto, ndipo bambo athu anati mwana wapenga. Kaseti ankaibweza ndi bolopeni kuti batire isathe msanga. Ankangoyang'ana pakawindo ka kasetiyo n'kudziwa pamene nyimbo yachitatu yayambira. Nyengo yogulitsa fodya ikafika ankamanga mpanda wa udzu pa msika, anthu n'kumavina rumba ndi kwasakwasa mpaka fumbi kubisa dzuwa. Kenako kunabwera ma CD, amene ankadumpha kukangolowa kafumbi. Kenako laputopu. Makaseti aja anathera kudimba, tepi yake ikuthamangitsa mbalame pa nazale. Ma CD anathera m'masipokosi a njinga za kabaza. Kusintha kulikonse kunkafuna kugula zida zina, ndipo achimwene ankagula, akung'ung'udza.

Koma zaka zomalizira, amene ankaimbitsa disikoyo sanali achimwene. Anali akazi awo, alamu anga, mayi wosalankhulalankhula wa ku Simlemba, kumpoto kwa boma lino.

Zinayamba chifukwa cha mashawa, maphwando a amayi okhaokha olangiza mtsikana amene akukwatiwa. Pa shawa mwamuna salowa, pakuti alangizi amalankhula zimene makutu athu sayenera kumva. Achimwene ankalumikiza zida n'kutuluka, nyimbo ikatha m'holo munkangoti zii. Tsiku lina alamu anakhala pa mikisa kuti angothandiza, ndipo sanachokeponso. Pa nthawi yomweyo madisiko a mpanda anali kufa. Bala iliyonse inali ndi sipika yakeyake, ndipo pa Boma panadzaza timashopu totsitsira anthu nyimbo m'mafoni. Chimene chinatsala chodyetsa banja chinali maukwati ndi mashawa. Shuga atayamba kuwononga maso a achimwene, ngakhale pa ukwati iwo ankangogwira maikolofoni n'kumaseketsa anthu, alamu ali pa mabatani.

Ndinawaonapo akugwira ntchito. Nyimbo za m'laputopu anazisanja motsata mwambo osati motsata oimba: zolowera mkwatibwi, zolowera amayi ake, za abale akuchimuna, zopumulira alangizi. Akamva kuti akuchimuna ndi a kumpoto kwa boma lino, ankakonzeratu za Chitumbuka. Ankafunsiratu ngati banjalo ndi la Katolika kapena la Chipresibeteriyani kuti asaike kwaya yolakwika. Wolankhula akangokoka mpweya, dzanja lawo linali litatsitsa kale mawu. Nthambo iliyonse anaiika kadontho ka utoto wopaka m'zikhadabo: kofiira ya ku sipika ya kumanzere, kapinki ya kumanja, madontho awiri ya ku ampulifaya. Ankalumikiza seti yonse ketulo isanawire.

Achimwene anadwala masabata awiri mwezi wa Epulo, n'kutisiya. Alamu ndiwo ananena kuti zida zipite kumudzi kumaliro. Anati munthu amene anakuzira mawu a anthu ena moyo wake wonse sangaikidwe mlaliki akukuwa pakamwa. Anali m'siwa, atazunguliridwa ndi amayi, koma anatuluka kamodzi, maso atatupa, kudzaloza nthambo yoyenera pamene amuna anayi tinalephera. Ulaliki unamveka mpaka kuseri kwa zigafa. Anthu anayamikira. Zidazo akadazitsekera m'nyumba yawo ya lendi pa Boma, bwenzi nkhani ino kulibe.

M'mawa mwake atsibweni athu, amene ndi mwinimbumba, anaitanitsa mphasa. Atsibweni alima fodya kuyambira ndisanabadwe, ndipo maso awo amadziwa ntchito imodzi: kusankha masamba, aatali kwaokha, aafupi kwaokha, oonda kwaokha. Anasanja zida za achimwene chimodzimodzi. Zazikulu mulu wake, zolemera mulu wake, za mabatani mulu wake.

"Zinthu izi zikakhala malo amodzi zidanitsa anthu," anatero. "Aliyense atengeko chokumbukira m'bale wake."

"Masipika ndi anga," anatero achemwali athu aakulu. "Mlongo wangayu ndinamubereka kumsana ine."

Msuweni wathu, mwana wa atsibweniwo, anali atagwira kale ampulifaya. "Ine ndi chitsulo ichi basi. Chimayaka timagetsi tobiriwira."

Maikolofoni anati apite ku tchalitchi. Jenereta atsibweni anaikokera pafupi ndi mwendo wawo. Kenako anandiyang'ana.

"Iwe wa kusukulu, za mabatanizi ndi zako."

Alamu anali atakhala pansi kumapeto kwa mphasa, mpango wakuda kumutu. Analankhula motsitsa koma aliyense anamva.

"Apongozi, pepani. Zimenezi n'chinthu chimodzi. Mukachotsapo chimodzi, zonse zafa."

"Mayi, mwamuna wanu tamuika dzulo. Lero mwayamba kale za mawaya?"

"Ndingofunsa, apongozi. Ngolo mumagawana mateyala?"

Wina anaseka kumbuyo n'kudzigwira pakamwa. Atsibweni anayang'ana kumbali.

"Bedi ndi ziwiya mutenge. Zingwezo mutengenso, muzikamangira nkhuni."

Boma lathu ndi pokumanira miyambo iwiri. Kwathu timati ana ndi a kuchikazi, choncho katundu wa mwamuna amabwerera ku mbumba yake. Kwawo kwa alamu amati ana ndi a bambo, choncho alongo awo anati osamalira anawo ndi ife, iwo sangalowerere. Miyambo iwiri yotsutsana, koma m'mawa umenewo inagwirizana bwinobwino kuti mayi wa atsikana awiri a ku sekondale achoke ndi thumba la nthambo.

Ine ndinali nditalembapo nkhani za kulanda chuma cha masiye kangapo konse. Ndinkadziwa kuti lamulo limaletsa. Ndinkadziwa ndi ofesi imene munthu amakadandaulako. Ndinakhala chete chifukwa kumaliro ndinafika mochedwa, manda atakumbidwa kale, ndipo ndinkaopa kuuzidwa kuti ndabwera ndi chizungu cha m'tauni. Chifukwa chake n'chimenecho, palibe china. Ndinayika laputopu ndi mikisa m'chikwama changa.

Lamlungu lotsatira ndinapita nazo kwa alamu pa Boma. Analandira, anapukuta mikisa ndi nsonga ya chitenje, n'kundiuza mmene zinthu zinalili. Pa Boma panali gulu la amayi limene linkawaitana pa shawa iliyonse. Mwana wa wapampando wa gululo anali ndi shawa Loweruka loyamba la Ogasiti. Wapampandoyo anabwera kudzapepesa maliro ndipo anati adikira mpaka pakati pa Julaye.

"Alamu, ku shawa imeneyi kudzakhala amayi onse a pa Boma," anandiuza alamuwo. "Wina akamva nyimbo zikuyenda bwino amakutenga pomwepo kuti ukaimbenso kwa mwana wake. Ndikaimba iyi, anawa aphunzira chaka chino. Ndikaiphonya, andiiwala."

Ndinawalonjeza kuti zida zibwerera. Ndinayenda Loweruka katatu pa kabaza, m'fumbi la nyengo ya mabelo, malole a fodya akutiphimba.

Ndinayambira kwa achemwali. Sipika imodzi inali pabalaza. Anaiphimba ndi kansalu koluka, pamwamba anaikapo maluwa a pulasitiki ndi chithunzi cha achimwene. Inayo inali m'chigafa, ikugwira ntchito ngati tebulo losanjirapo masamba. Amene sanalimepo fodya adziwe kuti tsamba louma limaphwanyika, ndiye posankha anthu amawaza madzi kuti lifewe. Amene sanatsegulepo sipika adziwe kuti chimene chimanjenjemera m'kati mwake n'chipepala. Nditachotsa sefa wa kutsogolo, chipepalacho chinali chitanyowa n'kung'ambika, ndipo makoswe anali atamangamo chisa cha zinyenyeswa za fodya.

"Imeneyo tenga," anatero achemwali. "Ya pabalazayi ayi. Ndikaiona ndimaona mlongo wanga."

"Achemwali, mlongo wanuyo anasiya ana awiri."

"Ana ali ndi kwawo."

"Nanga inuyo mumaiimbitsa ndi chiyani sipikayi?"

"Ndani wakuuza kuti ndikufuna phokoso m'nyumba mwanga?"

Loweruka lachiwiri ndinapita kwa msuweni. Ampulifaya anaitulutsa kunsi kwa bedi mosavuta, ndipo kufulumira kwakeko kunandiuza zonse. Pulagi anaidula ndi chikwanje. Mawaya ake anawalumikiza ku batire ya sola, kwinako analumikiza kasipika ka wailesi yakufa, akuyesa mabowo onse a kumbuyo limodzi ndi limodzi.

"Inangoti phu! Utsi m'nyumba monse," anatero. "Zinali zotha kale izi, asuweni. Malemu ankangotibisira."

Chitsulo chimenecho chinalira pamaliro mpaka kuseri kwa zigafa. Ndinamuuza zimenezo. Iye anati mwina chinatopa ndi maliro omwewo.

Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi pa Boma. Anaitsegula, ananunkhiza, n'kuitsekanso.

"Bwana, zapsa ndi zambiri, ndipo zoterezi sizikubweranso. Masiku ano anthu akugula sipika yokhala ndi zonse m'kati. Ikafa amataya. Ine ndemwe ndikuphunzira kukonza mafoni ndi imvi zangazi."

Loweruka lachitatu ndinakakhala pakhonde pa atsibweni. Jenereta inali kulira kuseri, ikutchaja mafoni a mudzi wonse pa tebulo. Ndinalankhula zonse zimene ndinayenera kulankhula tsiku la mphasa lija. Ndinatchula lamulo. Ndinapempha jenereta, ndinapempha kuti alamule achemwali apereke sipika yabwinoyo, ndinapempha kuti banja lithandize kupeza ampulifaya ina popeza waiwononga ndi mwana wawo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akutafuna nzimbe.

"Ndibweze chiyani? Ndinaba ine? Sunalandire nawe?"

"Ndinalandira. Ndinabweza."

"Zako zimenezo. Ukufuna ukandilembe m'nyuzi? Kandilembe. Ubwere ndi wojambula, ndivale jekete."

Ndinauza alamu kuti tipite kukhoti. Anakana. Anati mlandu sungathe Julaye asanafike, ndipo atsikana awo tsiku lina adzafuna azakhali pa ukwati wawo. Tinayesa kubwereka. Anzawo a achimwene amene akadali pa ntchitoyi ndi owerengeka, ndipo nyengo ya maukwati Loweruka lililonse zida zawo zimakhala zili kwina. Mmodzi anati angathe kupita iye mwini, akalumikize n'kudikira panja. Ndiye kuti anali kupempha ntchito ya alamu pamaso pawo.

Pakati pa Julaye tinali ndi laputopu, mikisa, thumba la nthambo, sipika ya makoswe ndi ampulifaya yopsa. Ndinawaperekeza alamu kwa wapampando uja. Ndi mayi wabwino, anatilandira ndi tiyi, ndipo anawagwira alamu dzanja asanamalize kufotokoza.

"Musadandaule, mayi, Mulungu ndi wabwino, tapeza kale njira. Mwanayu akuti mnzake wa ku koleji ali ndi sipika ija yokoka ngati sutikesi, yotchaja. Nyimbo zizichokera pa foni. Inu mubwere ngati mlendo, mudzapumeko."

Alamu anathokoza. Pobwerera anandiperekeza mpaka pa siteji ya minibasi.

N'kosavuta kunena kuti dziko lasintha. Lasinthadi, ndipo ndili nawo mkwiyo wanga pa zimenezo. Kale achimwene ankagula kaseti m'sitolo, woimba n'kupezapo kanthu. Lero nyimbo imatuluka m'mawa, pofika masana ili m'foni ya aliyense pa Boma, woimbayo osalandira ngakhale zikomo. Ndinenenso zoona kuti nyimbo zambiri za m'laputopu ija achimwene nawonso anangokopera kwa anzawo. Anthu tinayamba tazolowera kuti nyimbo ndi yaulere, kenako tinazolowera kuti wosankha nyimboyo nayenso ndi waulere. Koma masipika okokawo anali atadzaza kale m'masitolo a pa Boma achimwene ali moyo, ndipo amayi aja ankawadutsa n'kumaitanabe alamu. Anadikira miyezi itatu. Sanafune kuyesa njira ina. Amene tinawakakamiza kuyesa ndi ife, pa mphasa, Lachisanu m'mawa.

Pa shawa sindikanalowa, ndiye zimene zinachitika ndinamva kwa alamu mawa lake. Anandifotokozera akusenda mbatata, ngati munthu wopereka lipoti.

Amayi a mkwatibwi analowa m'holo muli zii, mtsikana wa foniyo akufunafuna nyimbo. Abale akuchimuna, amene anachokera cha kwawo ku Simlemba, anawalowetsa ndi nyimbo za achinyamata za amapiano, azimayi aakulu a mipango kumutu. Mlangizi ali pakati pa mawu ovuta aja, foni inaitana, ndipo holo yonse inamva mnyamata wina akufunsa m'sipika kuti, "Bebi uli kuti?" Cha kumapeto batire inatha, amayi anamalizira ndi kuwomba m'manja.

Ndinaseka. Ndinamva mtima kupepuka koyamba chichokereni kumaliro.

"Ndiyetu aona kusiyana," ndinatero. "Anadandaula kwambiri?"

"Ayi."

"Palibe anadandaula?"

"Anavina, alamu. Foni itaitana anaseka mpaka misozi. Potuluka amayi awiri anatenga nambala ya mtsikanayo."

Anapitiriza kusenda mbatata.

Chaka chimenecho palibe anawaitana. Chotsatira chake chimodzimodzi. Lero alamu amasankha fodya pa esiteti ina nyengo yake ikafika, ndipo miyezi yotsalayo amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Manja amene ankadziwa kutsitsa mawu mlangizi asanatsegule pakamwa tsopano ndi akuda ndi utomoni wa masamba. Mtsikana wamkulu anamaliza sekondale movutikira. Wamng'ono anakhala pakhomo teremu yathunthu ndisanadziwe, chifukwa amayi ake sanafune kundiuza. Mikisa ili m'sutikesi, yokulungidwa m'chitenje.

Chaka chatha mwana wa msuweni uja anapeza banja. Atsibweni anandiimbira foni za chinkhoswe.

"Anthu akuti tiitane wa nyimbo. Ine ndati tiitanirenji, zida zonse tili nazo pabanja pano? Jenereta ilipo, sipika ilipo, maikolofoni tibwereka ku tchalitchi. Ukawauze mayi aja abwere ndi zingwe zija adzalumikize."

"Atsibweni, ampulifaya inapsa."

"Chitsulo chimapsa? Adzaone iwowo, si amadziwa mawaya?"

Ndinayenera kudula foni. Koma ndinapita, ndipo mawuwo ndinawafikitsa monga anandipatsira, chifukwa ndinaona kuti woyenera kuyankha si ine. Ndinawapeza alamu akuchapa. Anamvetsera, anapukuta manja, n'kundiuza kuti ndiwatsate kuseri kwa nyumba.

Kuchokera pa mtengo wa mango kufika pa nsanamira ya bafa panali nthambo yakuda, yokhuthala, ija inkafika kumapeto kwa holo. Panali patayanikidwa yunifolomu ya mtsikana wamng'ono, zitenje ziwiri ndi thumba la tomato lochapidwa.

"Mukawauze apongozi kuti zingwe zili pa ntchito," anatero. "Iwo anati nkhuni. Ine ndinaona kuti nkhuni zingazidule."

Ndinayandikira pa nsanamira pamene anamangapo mfundo. Kadontho kofiira kanali kakuonekabe. Inali ya ku sipika ya kumanzere, imene mpaka lero ili pabalaza pa achemwali, yanyamula maluwa a pulasitiki.